Fodya ndi tomato n'zapachibale: mmene tsamba, duwa ndi chipatso zimaululira mabanja a zomera

Dzinja likamayandikira, alangizi a zaulimi amabwereza malangizo amene amadabwitsa alimi ambiri: pamene mwakolola fodya musabzalepo tomato, ndipo pamene panali tomato musaikepo mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya. Mlimi amafunsa, ndipo funso lake n'lomveka: fodya timalimira masamba, tomato timalimira zipatso, mbatatesi imaberekera pansi pa nthaka, nanga zikukumana pati? Chisokonezo china chabwera ndi mafoni. Munthu amajambula chomera, pulogalamu ya pafoni n'kumupatsa dzina lachilatini lalitali, pansi pake pali mawu ena othera ndi "aceae", iye osadziwa kuti mawuwo akumuuza chiyani komanso ngati angawakhulupirire.

Mafunso onse awiriwa yankho lake ndi limodzi. Zomera zili ndi mabanja, ndipo chibale chake chimaoneka ndi maso kwa aliyense amene wadziwa poyang'ana.

Banja la zomera n'chiyani?

Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 300,000 ya zomera zochita maluwa, ndipo m'Malawi mokha muli mitundu pakati pa 5,000 ndi 6,000. Palibe munthu angaloweze zonsezi chimodzichimodzi. N'chifukwa chake akatswiri a zomera anaziika m'magulu okwerana. Pansi penipeni pali mtundu weniweni wa chomera, monga tomato. Mitundu yoyandikana kwambiri imapanga kagulu kotchedwa jenasi. Majenasi ochokera kwa kholo limodzi lakalekale ndiwo amapanga banja, ndipo dzina la banja limathera ndi "aceae".

Dzina lachilatini limakhala ndi mawu awiri: loyamba ndi jenasi, lachiwiri ndi mtundu. Tomato ndi Solanum lycopersicum, mbatatesi ndi Solanum tuberosum, biringanya ndi Solanum melongena. Zitatuzi n'za jenasi imodzi. Fodya ndi Nicotiana, tsabola ndi Capsicum: majenasi ena, koma onse a banja la Solanaceae.

Zimakhala ngati pa maliro pakabwera anthu ochokera kutali amene simunawaonepo. Wina wavala suti, wina chitenje, wina malaya akuntchito, koma mukaona mphuno ndi kakhalidwe ka mano mumanong'onezana kuti awa ndi akuchimuna. Masamba a chomera ali ngati zovala, amasintha malinga ndi kumene chomeracho chikukhala. Duwa ndiye nkhope.

Amene anakhazikitsa maina a mawu awiri ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'chaka cha 1753. Iye ankagawa zomera makamaka powerenga tizingwe ta mungu ta m'duwa, njira yosavuta koma imene inkaika pamodzi zomera zosagwirizana konse. Mu 1789, Antoine-Laurent de Jussieu wa ku France anagawa zomera m'mabanja 100 poyang'ana ziwalo zambiri nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa mabanja akewo alipobe. Kuyambira mu 1998 gulu la akatswiri lotchedwa Angiosperm Phylogeny Group lakhala likukonzanso mabanjawa poyeza DNA, zinthu za m'maselo zimene mwana amatengera kwa kholo. Mndandanda wawo wa mu 2016 uli ndi mabanja 416.

Musawope nambalayo. Mbewu zathu zambiri za m'munda ndi mitengo yambiri ya m'tchire zili m'mabanja osapitirira makumi awiri. Dziwaninso kuti paini ndi mkungudza wa ku Mulanje sizili m'gulu limeneli chifukwa sizichita maluwa, ndipo bowa si chomera n'komwe.

Funso loyamba: mitsempha ya tsamba yayenda bwanji?

Aliyense amene anabzalapo chimanga ndi nyemba anaona kale kusiyana kwakukulu kwa zomera zamaluwa. Chimanga chimatuluka ndi kansonga kamodzi, nyemba imatuluka ndi timasamba tiwiri. Zamtundu wa chimanga zimakhala ndi mitsempha yoyenda motsatana kuchokera kunsi kwa tsamba kukafika kunsonga, mizu yake ndi yanyenyeswa yopanda muzu waukulu wapakati, ndipo ziwalo za duwa lake zimabwera zitatuzitatu. M'gululi muli maudzu onse, nthochi, anyezi, adyo, chinanazi, migwalangwa ndi maluwa aja amene mizu yake amapangira chikande. Zamtundu wa nyemba mitsempha yake imalukana ngati ukonde, ndipo ziwalo za duwa zimabwera zinayizinayi kapena zisanuzisanu.

Banja lalikulu kwa ife m'gulu loyambalo ndi Poaceae, la maudzu: chimanga, mapira, mawere, mchewere, mpunga, tirigu, nzimbe, bango, nsenjere, ngakhale nsungwi. Phesi lake ndi lobulungira, lili ndi mfundo, ndipo kunsi kwa tsamba kumakulunga phesilo. Maluwa ake alibe zokongoletsa chifukwa mungu wake umayenda ndi mphepo. Ngayaye ndi maluwa aamuna a chimanga, ndevu ndi mbali ya maluwa aakazi. Koma dawe ndi gumbwa, ngakhale zimaoneka ngati udzu, n'za banja lina, Cyperaceae. Pukusani phesi lake pakati pa zala, mudzamva ngodya zitatu, ndipo simupezapo mfundo.

Tsamba limathandiza, koma limanamanso

Patsamba pali zinthu zingapo zoyenera kuona. Choyamba ndi kakhalidwe kake panthambi: kodi masamba ali awiriawiri moyang'anizana, ngati a gwafa ndi khofi, kapena limodzilimodzi mosinthana mbali, ngati a mango ndi tomato? Chachiwiri: kodi ndi tsamba limodzi lathunthu kapena logawika m'timasamba? Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Njira yodziwira ndi kufufuza diso, kamphukira kaja kamene kamakhala pampheto pamene tsamba lakumana ndi nthambi. Pamene pali diso ndi pamene tsamba layambira. Timasamba tambirimbiri ta bwemba tilibe maso pampheto pake, choncho tonse pamodzi ndi tsamba limodzi. Tsamba la chinangwa limaoneka ngati zala zosiyana, koma kunsi n'zolumikizana, ndiye ndi tsamba lathunthu long'ambika chabe.

Kenako tikitani tsambalo, mulinunkhize, muliyang'ane kudzuwa. Masamba a malalanje, mandimu ndi manachesi ali ndi timadontho towala ta mafuta onunkhira, chizindikiro cha banja la Rutaceae. A bulugamu, gwafa ndi katope alinso nato, koma awa ndi a Myrtaceae, ndipo duwa lawo limakhala ndi tizingwe ta mungu tochuluka ngati burashi. Chomera chonunkhira chokhala ndi tsinde la ngodya zinayi ndi masamba oyang'anizana, monga mpungabwe ndi buye, kawirikawiri chimakhala cha Lamiaceae. Ndipo mukaona masamba oyang'anizana amene pakati pa tiphesi tawo tiwiri pali kansonga kakang'ono kokakamira kunthambi, ganizirani Rubiaceae, banja la khofi ndi mtengo wa Cinchona umene unatipatsa kwinini.

Vuto n'lakuti tsamba limatsatira moyo wa chomera. Mlambe waung'ono umakhala ndi masamba athunthu, ukakula m'pamene amagawika ngati chikhatho, moti anthu ambiri amadutsa mbande ya mlambe osaizindikira. Mitundu yambiri ya bulugamu imayamba ndi masamba oyang'anizana, kenako n'kukhala ndi aatali osinthana. Tsamba la pamthunzi limakula kuposa la padzuwa pamtengo womwewo. Ndipo zomera zosagwirizana zikamakhala malo ouma ofanana zimayamba kufanana: mitengo ina ya jenasi ya Euphorbia ya kuno imaoneka ndendende ngati zomera zaminga za m'zipululu za ku America zotchedwa cactus, koma si zapachibale. Mukacheka ya kunoyo imatuluka utomoni woyera.

Zimene muyenera kuwerenga m'duwa

Duwa silisinthasintha chifukwa ntchito yake ndi yobereka, ndipo kapangidwe kake n'kogwirizana ndi njuchi, gulugufe, mbalame kapena mleme umene umanyamula mungu. Tengani duwa limodzi mulitsegule pang'onopang'ono kuchokera kunja. Mudzapeza timasamba tobiriwira ta kunsi, kenako timasamba tokongola, kenako tizingwe ta mungu, ndipo pakatikati pali kathumba ka njere kamene kamadzasanduka chipatso.

Werengani timasamba tokongolato. Onani ngati tili patokhapatokha kapena talumikizana kupanga kachikho. Onani ngati duwalo n'lozungulira mofanana mbali zonse kapena lili ndi kumwamba ndi kunsi. Werengani tizingwe ta mungu. Pomaliza onani kathumba ka njere: kali m'kati pamwamba pa timasamba, ngati pa tomato, kapena kali kunsi kwa duwa lonse, ngati pa dzungu? Mukadula chipatso chachiwisi pakati mopingasa, werenganinso zipinda zake. Mayankho a mafunso ochepawa ndi amene amakufikitsani pakhomo la banja. Mpiru, kabichi, repu ndi tchayinizi zikatulutsa maluwa zimaulula chibale chake nthawi yomweyo: timasamba tinayi topingasana, tizingwe ta mungu tisanu ndi kamodzi, tinayi tatitali, tiwiri tatifupi. Limeneli ndi banja la Brassicaceae.

Banja la nyemba, mwini nkhalango zathu

Ngati mukufuna kuphunzira banja limodzi lokha, yambani ndi Fabaceae. Lili ndi mitundu pafupifupi 20,000 padziko lonse, ndipo kuno kwathu lili m'mbale, m'munda ndi m'tchire momwe. Nyemba, khobwe, nandolo, soya, mtedza, nzama, mphodza ndi kalongonda n'zimene timazidziwa. Koma msangu, mthethe, bwemba, mlombwa, chitimbe, msambamfumu, lukina, gliricidia ndi kesiya n'za banja lomweli. Mitengo ya Brachystegia ndi Julbernardia, imene imapanga nkhalango za miombo kuyambira ku Angola kudutsa Zambia, Malawi, Zimbabwe, Mozambique mpaka Tanzania, ndi abale a nyemba.

Chizindikiro chodalirika ndi chipatso: khoko la chipinda chimodzi, njere zitandandalika mzere umodzi m'mphepete, ndipo likauma limang'ambika mbali ziwiri. Kuthetheka kumene mumamva m'nkhalango dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala ndi makoko a miombo akuphulika ndi kumwaza njere. Masamba ake ambiri ndi ogawika, osinthana mbali, ndipo kunsi kwa kaphesi kumakhala kotupa pang'ono. Potupapo m'pamene pamachititsa masamba a mtedza ndi bwemba kupindana usiku.

Maluwa ake ali ndi maonekedwe atatu oonekera. A nyemba, nandolo ndi mlombwa ali ngati gulugufe: kamodzi kakakulu kumwamba, tiwiri m'mbali, tiwiri togwirana kunsi. A bwemba ndi kesiya ndi otseguka. A msangu, mthethe ndi lukina ndi timaluwa tating'onoting'ono tounjikana, tooneka ngati ubweya chifukwa cha tizingwe ta mungu. Palinso ena amene amapatuka pa lamulo la khoko. Khoko la mlombwa n'lozungulira, lili ndi phiko m'mbali monse ndi timinga pakati, ndipo silithetheka. Mtedza umachita maluwa pamwamba, kenako kaphesi kamalowa m'nthaka n'kukaberekera komweko.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna alimi achimvetse bwino, chifukwa chimanenedwa mwachidule kwambiri. N'zoona kuti mbewu za banjali zimawonjezera chonde. Zulani nandolo kapena soya, mudzaona timibulu pamizu. M'menemo mumakhala mabakiteriya amene amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Kamubulu kamene kakugwira ntchito mukakaphwanya kamakhala kofiirira m'kati. Koma si onse a m'banjali amachita zimenezi. Kesiya ndi bwemba sizipanga timibuluti. Mitengo ya miombo nayonso ili ndi ubale wina: mizu yake imagwirizana ndi bowa. N'chifukwa chake bowa wambiri wodyedwa amamera pansi pa miombo ndi misuku, ndipo nkhalango ikapita ku makala bowa uja amapita nayo.

Banja la tomato ndi fodya

Duwa la Solanaceae lili ndi timasamba tisanu tolumikizana ndi tizingwe ta mungu tisanu. Pa tomato, mbatatesi, biringanya, mnadzi ndi nthula limaoneka ngati nyenyezi, pakati pali kansonga kachikasu. Ikani duwa la nthula pafupi ndi la biringanya, simudzafunanso wina wokuuzani. Pa fodya ndi Datura, chitsamba chija cha zipatso zaminga chomera m'mabwinja ndi m'makola akale, duwa ndi lalitali ngati lipenga, koma nsonga zake ndi zisanu zomwezo. Chipatso chimakhala ndi njere zambiri, ndipo timasamba tobiriwira ta kunsi timatsalira pachipatso, monga kachipewa ka tomato. Pa jamu timakula n'kukuta chipatso chonse.

Banjali limapanga mankhwala owawa odzitetezera. Chikonga cha mu fodya ndi chimodzi mwa iwo. Mbatatesi imene yabiriwira chifukwa cha kuwala ili ndi poizoni wotchedwa solanine, ndipo tizipatso tobiriwira timene imabereka pamwamba, tooneka ngati tomato wamng'ono, sitidyedwa. Datura, mbali zake zonse, ndi yoopsa. Mbatata ya kholowa siili m'banjali. Ndi ya Convolvulaceae, ndipo duwa lake lofanana ndi fanulo pa tsinde loyanga limasonyeza zimenezo.

Therere, thonje ndi mlambe

Duwa la therere lobala, la thonje ndi la chidede ndi lofanana kwambiri: timasamba tisanu topotana, ndipo tizingwe ta mungu tonse tagwirizana kupanga kamzati pakati. Mitsempha ya tsamba imayambira malo amodzi ngati zala, khungwa limasendeka luzi, ndipo mukatikita tsamba limatelera. Kutelera kwa therere ndi chizindikiro cha banja la Malvaceae, ndipo denje ndi wa momwemo. Mlambe nawo ndi wa banjali. Duwa lake loyera limalendewera chozondoka, limatseguka madzulo kudikira mileme, koma kamzati kaja kalipo, kunsonga kwake kuli mpira wa tizingwe. Masamba ake anthete amaphikidwa ngati therere, ndipo khungwa lake limapereka luzi.

Maungu, ndi maluwa amene si duwa limodzi

Cucurbitaceae ndi banja losavuta: maungu, mphonda, nkhaka, zipwete, mavwende ndi chinkhupule. Zimayanga, zili ndi tizingwe topotana togwirira, masamba ake ndi okhakhala, ndipo maluwa aamuna ndi aakazi ndi osiyana. Amayi othyola chiluwe amadziwa kale kusankha: duwa lokhala ndi kadzungu kunsi amalisiya.

Mpendadzuwa ndi wa Asteraceae, limodzi mwa mabanja awiri aakulu kwambiri padziko, pamodzi ndi la Orchidaceae, la maluwa a chikande aja. Chimene timatcha duwa la mpendadzuwa ndi mutu wa timaluwa mazanamazana, ndipo njere iliyonse imachokera ku kaduwa kake. Chisoso, mwamunaaligone, deliya ndi letesi zili ndi mitu yotereyi, kungoti ndi yaing'ono. Tinthu takuda tija timakakamira pa chitenje mukadutsa m'munda ndi zipatso za chisoso, chilichonse ndi timinga take tokowera.

Utomoni woyera: apa chenjerani

Utomoni wonga mkaka umapezeka m'mabanja angapo osagwirizana, choncho paokha sukuuzani dzina. Umangokuuzani kuti musaike zala m'maso ndipo muyang'anitsitse.

Mukaona chipatso cha zipinda zitatu chimene chikauma chimaphulika, ndi maluwa ang'onoang'ono aamuna ndi aakazi osiyana, muli ndi Euphorbiaceae: chinangwa, nkhadze, nsatsi, ndi mitengo ya mphira ngati ya ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Nsatsi ilibe utomoni woyera, koma chipatso chake cha patatu chimaiulula. Utomoni wa nkhadze umatentha maso koopsa, njere za nsatsi zili ndi poizoni wotchedwa ricin, ndipo chinangwa chowawa chimatulutsa poizoni wotchedwa cyanide. Kuviika chinangwa m'madzi masiku angapo musanapange ufa wa kondowole ndi njira yochotsera poizoniyo. Pamene njala inachititsa anthu kufupikitsa njira zokonzera chinangwa chowawa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981, anthu ambiri anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo.

Mukaona masamba oyang'anizana osang'ambika m'mbali, ndi zipatso ziwiriziwiri zotambasuka ngati nyanga, nthawi zambiri zokhala ndi njere zaubweya kapena zamapiko, muli ndi Apocynaceae. Thombozi wa m'miombo ndi wa banjali, komanso kombe, Strophanthus kombe, amene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka kumivi. John Kirk, dokotala amene anali pa ulendo wa David Livingstone wa mtsinje wa Zambezi umene unayamba mu 1858, anaona mtima wake ukugunda pang'onopang'ono atagwiritsa ntchito mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njerezo, ndipo zinakhala mankhwala a mtima ku Ulaya. Chomera china cha banjali, Catharanthus roseus cha ku Madagascar, chimene chimabzalidwa m'makomo ambiri ngati duwa, ndi gwero la vincristine, mankhwala a khansa ya ana. Koma oleander, duwa la m'mipanda ya m'tauni, ndi wa momwemo, ndipo masamba ake ochepa akhoza kupha.

Mkuyu ndi kachere ndi a Moraceae. Kunsonga kwa nthambi kumakhala kachipewa kosongoka kamene kakagwa kamasiya mzere wozungulira nthambiyo, ndipo maluwa ake ali m'kati mwa nkhuyu momwemo.

Zimathandiza chiyani kudziwa zimenezi?

Tizilombo ndi matenda zimazindikira chibale kuposa ife. Chiwawu cha tomato n'chomwecho chimagwira mbatatesi ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mabakiteriya ofotetsa mbewu ndi tinyongolotsi totupitsa mizu zimatsalira m'nthaka kudikira mbewu ina ya banja lomwelo. Kambozi kotchedwa Tuta absoluta kakasowa tomato kamakhala pa mbatatesi, biringanya ndi mnadzi wa m'mbali mwa dimba. Kachilombo koyambitsa mawangamawanga pa fodya kamayenda ndi m'manja, n'chifukwa chake saloleza kusuta kapena kufwenkha fodya panazale ya tomato. Kasinthasintha weniweni ndi kusintha banja, osati dzina la mbewu chabe.

Kaufiti wa maluwa ofiira amayamwa mizu ya chimanga, mapira, mawere ndi mpunga wa kumtunda, onse a banja la maudzu. Soya, mtedza ndi thonje zimadzutsa njere zake koma sizimudyetsa, ndiye amafa. Koma pali mnzake wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, amene amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Mtundu wa duwa lake ukukuuzani mbewu yoti musabwereze pamalopo. Kumezanitsa mitengo kumatsatanso chibale: manachesi ndi malalanje amagwira pa tsinde la mandimu, tomato amagwira pa tsinde la biringanya, koma mango pa lalanje sizingatheke.

Chimene banja silingakuuzeni ndi chakuti chomera chimadyedwa. Mwabvi, umene khungwa lake linapha anthu ambiri pa milandu ya ufiti kale, ndi wa banja la nyemba. Katupe wophera nsomba ndi chitedze choyabwa n'za momwemo. Banja limakuuzani mtundu wa ngozi yoyenera kuyembekezera ndi malo oyambira kufufuza. Kulawa chomera chifukwa chafanana ndi ndiwo inayake ndi kuika moyo pachiswe, makamaka kwa ana.

Maina akamasintha, ndi nkhani ya mafoni

Amene anaphunzira zankhalango zaka za m'ma 1980 amapeza kuti zina zimene analoweza zasuntha. Mlambe unali m'banja la Bombacaceae ndipo denje anali mu Tiliaceae. Kuyeza DNA kunazilowetsa mu Malvaceae. Msuku, Uapaca kirkiana, umene dzina lake limakumbutsa John Kirk uja, unachoka mu Euphorbiaceae kupita ku Phyllanthaceae. Msangu unali Acacia albida, lero ndi Faidherbia albida. Mkangano waukulu unali pa dzina la Acacia lenilenilo: msonkhano wa akatswiri a zomera wa ku Melbourne mu 2011 unatsimikiza kuti dzinalo likhale la mitengo ya ku Australia, ndipo ya kuno inakhala Vachellia ndi Senegalia. Ochirikiza chigamulocho amati mitundu ya ku Australia ndi yochuluka kwambiri, pafupifupi 1,000, choncho kusintha maina ake kukanasokoneza zambiri. Otsutsa amati mtengo umene dzinalo linakhazikikapo poyamba ndi wa ku Africa ndi Asia, ndipo mabuku ambiri a kuno akugwiritsabe ntchito dzina lakale. Pofufuza pa intaneti, yesani maina onse awiri.

Mapulogalamu monga Pl@ntNet, iNaturalist ndi Google Lens amayerekeza chithunzi chanu ndi zithunzi zimene anthu ena anatumiza. Amachita bwino pa mbewu ndi maluwa odziwika padziko lonse, koma zomera za m'miombo kapena za pa Nyika, kumene kuli mitundu pafupifupi 200 ya Orchidaceae, zithunzi zake n'zochepa. Maina a kumudzi nawo ali ndi mphamvu ndi malire ake: agogo amasiyanitsa mitengo ndi fungo la khungwa lokha, koma dzina limodzi likhoza kutanthauza mitengo iwiri m'maboma awiri. Kudziwa zizindikiro za banja kumakuthandizani kuyesa mayankho onse awiri. Foni ikanena kuti ndi Fabaceae koma chipatso chili ndi zipinda zitatu, yalakwitsa.

Mukafuna kufunsa akatswiri

Tsamba limodzi lothothola silikwana. Jambulani chomera chonse, kenako nthambi yoonetsa kakhalidwe ka masamba, kunsi kwa tsamba, duwa kutsogolo ndi cham'mbali, ndi chipatso chodula pakati. Lembani tsiku, malo, ngati ndi kudambo, kuphiri kapena pachulu, kutalika kwa chomera, mtundu wa duwa, fungo ndi utomoni, chifukwa zimenezi zimatha chomera chikauma. Lembaninso dzina limene anthu a m'deralo amachitchula. Kanthambi kokhala ndi duwa kapena chipatso kaikeni pakati pa nyuzipepala, mutsindikize ndi chinthu cholemera, ndipo muzisintha mapepalawo tsiku ndi tsiku mpaka kaume. M'nkhalango zotetezedwa musathyole kanthu popanda chilolezo.

Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987, kumene amasunga zomera zouma zoyerekezera, ndipo lili ndi minda ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Akatswiri a m'chigawo chino amadaliranso mabuku a Flora Zambesiaca, amene anayamba kusindikizidwa mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana banja ndi banja. Mtengo umene mwaupeza wopanda duwa kapena chipatso, uikeni chizindikiro mudzabwerenso: mitengo yambiri ya m'miombo imachita maluwa mvula ikamayandikira, zitsamba ndi maudzu zimachita pakati pa dzinja, pamene msangu umayoyola masamba mvula ikagwa ndipo maluwa ndi makoko ake muyenera kuwafuna m'chilimwe.